Loto Lomwe Ndinawabera Amayi Ako

Mbungo, Lachitatu masana

Sesiliya mwana wanga,

Usaseke zilembozi. Ukudziwa kuti bambo akowa sukulu anaithawa ali Sitandade 2, ndipo pensulo ndi ine sitinamwerane madzi. Ndakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba, iwe uli m'katimo ndi amayi ako aang'ono a Rute mukupinda nsalu za m'bokosi. Ndikukumva ukutsokomola. Ndikanatha kungodzuka n'kukuuza pakamwa, koma pakamwa pangapa ukupadziwa. Ndikangotsegula, nthabwala imatsogola ngati galu wodziwa njira. Ndiye ndati ndilembe, poti pepala silingandisekerere.

Mawa sitima ikutenga, ukupita ku Bulawayo kwa mwamuna wako Yustino. Za mphika ndi za mphasa azimayi a mpingo akulangiza kale, ine kumeneko ndilibe mawu. Langa ndi limodzi. Lolemba m'mawa tikuyanika chinangwa unati, "Ababa, ndalota zoipa. Ndinali m'sitima koma munalibe anthu, ndiye..." Ine n'kukudula pomwepo. Ndinati wadya usipa wa dzana, ndipo sitima yopanda anthu ndiye yabwino, ugona motambalala. Unaseka pang'ono, kuseka kwaulemu, n'kutembenukira ku chinangwa. Kuseka kumeneko ndinakuonapo kamodzi pankhope ya amayi ako. Sindikufuna ukwere sitima loto limenelo lili m'mimba. Werenga mpaka pansi, kenako undiweruze.

Choyamba, uzichenjera ndi munthu woseketsa, ngakhale akhale bambo ako. Ine ndimauza anthu kuti sukulu ndinaisiya chifukwa choko sichigwira nsomba. Bodza limenelo. Aphunzitsi athu anali achibwibwi, ndipo ine ndinali katswiri wowayeserera. Tsiku lina ndaima kutsogolo ndikuchita zangazo, kalasi yonse ili gwedegwede ndi chiseko, osadziwa kuti eni ake aima pakhomo. Sanandimenye. Anangoti, "Ba-Ba-Banaba, wa-watha?" Anzanga anasekanso kuposa poyamba. Ine ndinaona maso awo, ndipo m'mawa mwake sindinabwerere, manyazi. M'malo mopita kukapepesa ndinapeka nthabwala ya choko ija, ndipo yandidyetsa zaka zonsezi. Wamva, Sesiliya? Munthu akaseketsa msanga, uziyang'ana chomwe akutseka.

Tsopano ndikuuze za Mfalansa uja amene wamva akuluakulu akumutchula kuti a Ndiyeno. Anatsika sitima iwe uli ndi miyezi iwiri, nkhondo yachiwiri isanayambe. Mzungu wowonda, zala zothimbirira utoto, chipewa ngati chagonedwa ndi mbuzi. Sanali wa mishoni yathu. Mkulu wake anali wansembe wa Chikatolika kumtunda, ndipo chinenero anaphunzira kumeneko, n'chifukwa chake ankayankhula ngati Mchewa wa kumapiri, ife n'kumagwa nacho chiseko. Azungu a mishoni yathu ku Chipyela anamupezera kanyumba m'njira ya ku Khuyu, poti anamva kuti ndi dokotala. Koma dokotala wake wopanda jakisoni, wopanda kwinini. Wa malungo ankamubweza kuchipatala. Iye ankati ntchito yake ndi matenda a m'maganizo, ndipo chida chake ndi khutu.

Kachitidwe kake kanali aka. Unkagona chagada pa bedi la zingwe pakhonde pake. Iye ankakhala chakumutu kwako komwe sungamuone, thabwa lojambulira lili patsogolo, n'kumapaka utoto. Iwe uziyankhula chilichonse chomwe chabwera, makamaka maloto. Ukaima, iye ankangoti, "Ndiyeno?" Osakudzudzula, osakutonthoza, osakupatsa vesi. Dzina lija linachokera pamenepo. Ukachoka ankatenga buku n'kulemba zonse. Azimayi achikulire ankati akutolera maloto a anthu kuti akawasandutse mankhwala kwawo, ndipo ankadutsa pamenepo atafunda kumutu.

Ine ndinapitako chifukwa anzanga a malipenga anandiputa kuti ndikuopa. Ndinapezako tiyi wa shuga wambiri ndi munthu yemwe satopa kumva, ndiye ukudziwa bambo ako, ndinayamba kupita kawiri pa sabata. Maloto enieni ndinalibe, ndimagona ngati mtembo. Ndinkapeka m'njira. Ndinamuuza kuti ndalota ndakwatira ng'ona, ng'onayo ikufuna nsapato zinayi. Ndinamuuza kuti ndameza belu la tchalitchi chachikulu, ndikachita ntchikwi anthu akuthamangira ku mapemphero. Iye phee, burashi ikuyenda, "Ndiyeno?" Ndikabwerera kwa anyamata tinkaseka mpaka nthiti kuwawa. Tsiku lina ndinamufunsa, "Kodi adokotala, mukudziwa kuti ndimakunamizani?" Anati, "Ndikudziwa. Koma wabodza amasoka ndi nsalu ya m'nyumba mwake. Pitiriza."

Anandionetsa chithunzi chomwe ankajambula masabata onsewo. Ndinali ine. Pakamwa pali yasa, mano onse panja, koma maso ngati a munthu yemwe ali pakati pa nyanja waona mwera ukubwera. Ndinamuuza kuti kujambula sakudziwa, abwerere kusukulu. Anangogwedeza mutu.

Tsiku lina ndinamutembenuzira. Ndinati, "Lero mugone ndinu, ine ndikhale kumutu." Kugona sanagone, koma anayankhula. Bambo ake ankagulitsa mankhwala m'tauni ina yamvula, ndipo ankafuna mwana wawo akhale dokotala wa mpeni. Anaphunziradi. Nkhondo yoyamba itabwera anamutumiza kukasoka asilikali. Kumeneko anaona anyamata ena opanda bala paliponse, koma akunjenjemera, ena atasiya kuyankhula. Akuluakulu ankati ndi amantha chabe, abwerere kumfuti, ndipo iye ndi amene ankasaina mapepala owabwezera. Nkhondo itatha manja ake omwe anayamba kunjenjemera, mpeni osagwirika. Anapita kwa dokotala wina wokalamba n'kugona pa bedi ngati lija zaka zingapo, akuyankhula. Kujambula anayamba nthawi imeneyo, poti burashi yokha ndi imene inkakhazika dzanja. Atachira anayamba kumva anthu ena, n'kulemba mabuku, ena a ntchitoyi, lina la nkhani chabe. Ndinamufunsa kuti owerenga ndi ambiri? Anati angakwane m'bwato limodzi, ndipo malo otsala alipo. Ndiye iwe ukafika ku Bulawayo, pofuna munthu womuuza za kukhosi, usathamangire amene ali ndi yankho pamlomo. Ufune mayi yemwe analirapo. Umuzindikira, sakudula mawu.

Apa ndiye pamene pensulo ikulemera. Amayi ako Esitere sunawadziwe. Anali munthu yekhayo pachilumba pano wondigonjetsa pa zoseleula. Ndikaponya limodzi ankabweza awiri, ine n'kutsala kukamwa kuli yasa. Ndinawakwatira chifukwa cha chimenecho. Koma iwe utabadwa anazima. Ankakuyamwitsa nkhope ili kukhoma. Kwaya anasiya. Ankatha kukhala ndi mtondo osasinja mpaka mthunzi kusuntha. Azimayi ankati ndi ulesi wa mwana woyamba, utha wokha. Ine ndinkawavinira pakhomo, kuwayeserera apongozi, kuchita chilichonse kuti aseke, ndipo akapanda kuseka ndinkapsa mtima n'kupita kwa anzanga.

M'mawa wina ndikukonza ukonde anabwera n'kukhala pambali panga. Anati, "Bambo a Sesiliya, ndikuuzeni loto. Ndavala diresi lomwe ndinakwatiwa nalo, ndaima m'madzi, mwana ali kumsana. Akulemera, akulemera. Ndamasula nsalu, ndapeza ndabereka mwala." Kenako anati, "Choopsa si mwalawo ayi. Choopsa n'chakuti ndinakondwa." Ukudziwa chomwe bambo ako anayankha? Ndinati, "Mwala ndiye mwana wabwino, sulira, sufuna phala, tisinthanitse lero lomwe." Anaseka pang'ono, kuseka kwaulemu kuja, n'kudzuka. Sanandiuzenso loto lina.

Masana ake linali tsiku langa kwa a Ndiyeno, ndipo m'njira ndinapeza kuti mabodza andithera. Ndinati, aa, ndili nalo latsopano, laulere. Ndinatenga loto la amayi ako n'kulisintha pang'ono kuti likhale la mwamuna. Ndinagona pa bedi paja n'kuyamba, mawu okometsera bwino. "Ndalota ndaima m'madzi, ndavala jekete lomwe ndinakwatiwa nalo, mwana ali kumsana..." Ndinafika mpaka pa mwala, mpaka pa kukondwa. Ndinadikira "Ndiyeno?" wake. Sanabwere. Burashi inali itaima.

"Banaba, wati jekete lomwe unatani nalo?"

"Lomwe ndinakwatira nalo."

"Ayi. Wati lomwe unakwatiwa nalo. Ansembe anandivutitsa nawo mawu amenewa miyezi itatu. Mwamuna amakwatira, mkazi amakwatiwa. Iwe unabadwa nacho chinenerochi, sungaphonye. Loto ili ndi la ndani?"

Ndinaseka. Ndinati lilime laterereka, tiyi wake watentha. Kwa nthawi yoyamba anadzuka pampando n'kubwera kutsogolo kwanga, kundiyang'ana m'maso.

"Mabodza ako onse ndawakonda. Ili si bodza. Mwini wake akudwala, ndipo matendawa ndimawadziwa. Ubwere naye mawa."

Sindinabwere nawo mawa. Ndikuuza chifukwa chake popanda kukometsa. Ndinkaopa kuti anthu akaona mkazi wa Banaba atagona pakhonde la mzungu wa maloto adzati wachita misala, ndipo ine woseka anthu ndidzakhala wosekedwa. Komanso Loweruka lake tinali ndi mpikisano wa malipenga ndi a ku Yofu, ine ndinali wotsogolera mzere, kabudula woyera wochapa kale. Ndinati gule akatha ndiwatengera kumeneko. A Ndiyeno ndinakumana naye panjira kawiri sabata imeneyo, kawiri konse anandifunsa, kawiri konse ndinati mawa. Sesiliya, chinthu chikakhala cha moyo wa munthu, mawa kulibe. Ndikubwereza, mawa kulibe.

Unakula ukumva kuti amayi ako anaterereka pa mwala akuvuula chinangwa. Amene anayamba kunena zimenezo ndine. Lachisanu masana ndikuchokera koyeserera gule ndinakupeza kwa a Rute, wosambitsidwa, wodzozedwa mafuta, wokhuta, uli m'tulo. Anati Esitere wakusiya kuti akavuule chinangwa. Ndinatsikira kumiyala kuja. Chinangwa chinali m'madzi osakhudzidwa. Pamwamba pa mwala panali nsalu yawo yopindidwa bwinobwino, ngodya ndi ngodya, kamtanda ka m'khosi kali pamwamba pake. Munthu woterereka sapinda nsalu. Ndinaitenga n'kuibisa m'malaya ndisanakuwe, kuti aikidwe ndi nyimbo ngati Mkhristu aliyense, komanso, ndisaname, kuti wina asandifunse kuti iwe mwamuna wake unali kuti. Amayi ako anthu anawapeza m'madzi m'mawa mwake. A Rute mwina akudziwa, koma sitinakambepo. Nsaluyo ilipo, ukaifuna unena.

Ndikufuna umve bwino apa, usawerenge mothamanga. Amayi ako sanakuda. Munthu wodana ndi mwana samusambitsa n'kumudzoza mafuta. Chomwe ankaopa ndi iwo eni, ndipo anakuika kutali ndi chomwe ankachiopacho. Iwe ulibe mlandu, iwonso alibe. Anabwera nawo katunduyo kwa munthu woyenera, mwamuna wawo, ndipo mwamunayo anaseka.

Maliro atatha ndinapita kwa a Ndiyeno. Pa bedi sindinagone, ndinakhala pansi pa dothi, n'kutulutsa nsalu ija. Ndinkafuna anditukwane. Iye anakhala pansi pomwepo pafupi nane, mzungu wamkulu, fumbi m'thalauza. Anati, "Iwe unaseka. Ine ndinadziwa, ndipo ndili ndi miyendo. Kuchoka pano kufika ku Mbungo tiyi sazizira. Lamulo la ntchito yathu limati wodwala abwere yekha, dokotala asamutsate, ndipo ine ndinabisala kuseri kwa lamulolo." Ndipamene anandiuza chomwe chinamuchotsa kwawo. Kunali mtsikana wina yemwe ankabwera kwa iye. Tsiku lina sanabwere, lotsatira sanabwerenso, iye n'kumadikira pampando wake monga mwa lamulo. Nyumba ya mtsikanayo inali misewu iwiri chabe. "Ndinathawa mpaka kuno," anatero, "kudzachitanso chomwecho." Tinakhala pamenepo mpaka mthunzi wa khonde unatisiya, wina osatonthoza mnzake. Ndiye iwe, ukamva kuti mnzako wazima, wasiya kutuluka, usati abwera yekha akafuna. Vala nsalu upite. Akakuthamangitsa, upitenso.

Ndinamufunsa za iwe tsiku lomwelo, ngati zimenezi zimayenda m'magazi. Anati sizili ngati mphuno, yomwe mwana amatenga afune asafune. Koma zitha kubwera, makamaka mkazi akangobereka, ndipo ndi matenda ngati malungo, si tchimo, si ufiti. Anati ambiri amachira ngati pali womumva ndi womukhalira pafupi mpaka zitadutsa. Mawu amenewo ndawasunga zaka zonsezi kudikira tsiku ngati lino. Ukadzabereka, Mulungu akalola, n'kupeza mtima uli gwa, mwana akulira iwe osamva kanthu, usadzaganize kuti ndiwe mfiti. Usadzabise. Udzauze Yustino tsiku lomwelo, udzauze azimayi a kwathu kuno amene ali kumeneko, udzandilembere, ndidzagulitsa ukonde n'kubwera. Woyamba akaseka, upite kwa wachiwiri. Wachiwiri akakupatsa vesi n'kukutsekera chitseko, upite kwa wachitatu. Amayi ako anayesa kamodzi kokha. Iwe usadzayese kamodzi. Wamva? Yustino ndamulembera kalata yakeyake, yaifupi. Ndamuuza kuti mkazi wako akayamba ndi mawu oti "ndalota," uike pansi chilichonse chili m'manja.

A Ndiyeno anachoka mphekesera za nkhondo zitakula. Kwa zaka sitinamve kanthu, ndinkati anafa. Nkhondo itatha kunabwera kalata kudzera kwa abambo ansembe a ku Chipyela, iwo n'kundiwerengera. Anati nthawi yonse ya nkhondo anali pa chipatala cha odwala misala kumudzi kwina, chakudya chinatha, odwala ankafa ndi njala. Iye ankawapatsa makala ndi mapepala kuti azijambula, kenako n'kutenga thumba kumayenda m'minda ya anthu kupempha mbatata. Anati mpando wa kumutu uja akadali nawo, koma tsopano nsapato zimamuthera msanga. Anapempha chilolezo choti alembe nkhani ya amayi ako m'buku, mayina atasintha, kuti madokotala anzake aphunzirepo. Ndinauza abambo kuti amuyankhe kuti alembe, koma asandikometsere, alembe kuti mwamunayo anaseka. Abambo anandiyang'ana osamvetsa, ine ndinati lembani choncho. Bukulo sindinalione, ndipo ndikanaliona ndikanangolinunkhiza, poti ndi Chifalansa. Chaka chathachi mlongo wake anatumiza kakalata kuti anamwalira, atagwira ntchito mpaka sabata lomaliza.

Mwina ukufunsa kuti bambo inu, zonsezi munazidziwa, nanga Lolemba munasekeranji? Ndadzifunsa masiku atatu. Yankho lake n'lakuti ndinaopa. Utangoti "ndalota zoipa" ndinamva mawu a Esitere, ndipo pakamwa panathamanga kukatseka chitseko ndisanaganize. Anthu amati ndikuoneka ngati mchimwene wako osati bambo ako. Mwina akunena zoona, mutuwu sunakule. Koma ndakulera ine, ndakusenza paphewa kupita nawe ku ubatizo, ndipo sindikulola kuti chomwe chinanditengera mmodzi chinditengerenso wina ndili chiyang'anire.

Ndiye za mawa zili motere. Amalume ako anati atitengera bokosi pa bwato mpaka kudoko, ine ndakana. A Rute ndi azimayi atsogola okha. Ife tinyamuka awiri tikangomwa tiyi, pansi, njira yodutsa m'milambe. Bokosi ndisenza ine pamutu, iwe uzikhala patsogolo. Sindiyankhula. Ukamva ndayamba nthabwala, utole mwala undigende, ndakupatsa chilolezo pa pepala. Uyambire pomwe ndinakudula paja. Ngati kalatayi yakukwiyitsa, uyambe ndi mkwiyowo, unditukwane mpaka ku Khuyu, ndimva, kenako loto. Kaya ndi lalitali, kaya ndi lopusa, kaya ndi loti mwana sauza bambo ake, ndilimva lonse.

Tikafika padoko usanamalize, bokosi sindikweza. Sitima ilire mmene ingalirire, ipite. Ibwera ina, ndipo kwa akwawo a Yustino ndikayankha ndine.

Ndine bambo ako,
Banaba